Mawu Asanu a Abiti Uladi

Ana a Sitandade 1 pa sukulu ija, kumpoto kwa Lungwena pa msewu wa ku Makanjira, analipo zana limodzi ndi khumi ndi awiri, ndipo onsewo anali a mphunzitsi mmodzi, Matilda Kumwenda wa ku Rumphi. Ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu. Akuluakulu a maphunziro akabwera kuchokera ku boma ankati imeneyo ndi kalasi, ndipo ankanena osaseka.

Mwa ana onsewo, amene anamulowa mumtima Matilda anali Sumani, mwana wa msodzi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku loyamba, m'chaka cha 1987, atamufunsa dzina anatsegula pakamwa, natsinzina, mitsempha ya m'khosi n'kuima. "Su... Su... Su..." Anzake anayamba kumuwerengera ngati akukoka khoka, ndipo pamene dzinalo linkatuluka kalasi yonse inali itagona ndi phwete. Chibwibwi si chachilendo, mudzi uliwonse uli nacho. Koma cha Sumani chinabwera ndi anzake. Mawu ankadziwa ochepa poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo ochepawo ankawasakaniza, Chiyao cha kwawo ndi Chichewa cha kusukulu. Akamva ludzu ankati, "Ndi... ndi... ndikufuna mesi."

Komabe mwanayo ankayankhula. Ichi chisaiwalike, chifukwa amene ankayenera kuchikumbukira anachiiwala. Ankakweza dzanja ngakhale akudziwa kuti asekedwa. M'mawa ankabwera ndi chigoba cha nkhono, kapena mbedza yothyoka, n'kuima pamaso pa aphunzitsi kuti afotokoze kumene wazitola. Nkhani yoti mwana wina akanaimaliza akupuma kamodzi, iye inkamutengera nthawi yonse yopuma, thukuta lili kamukamu, koma sankaisiya panjira.

Ahedi, a Macloud Chikopa, sankakondwa naye. "Madamu," anatero tsiku lina, "amene uja si wa kuno. Oyendera sukulu akabwera n'kuloza iyeyo, tidzati chiyani? Tidzati kuno timaphunzitsa Chiyao? Chaka chikatha lilime lisanawongoke, abwerere kunyanja. Usipa sufunsa munthu dzina."

Matilda anapsa mtima, ndipo analumbira chamumtima kuti mwanayo sachoka pa sukulu.

Naye Matilda anakula ndi zilankhulo ziwiri. Chaka chimene analowa sukulu ndi chomwe Chitumbuka chinachotsedwa m'kalasi ndi pa wailesi. Mawu akuti maji anamudyetsa rula pa zala mpaka anaphunzira kunena kuti madzi. Pofika ku koleji Chichewa chake chinali chitasalala moti anzake ankamuyesa wa ku Dedza, ndipo iye ankanyadira osawakonza. Munthu akachira ndi mankhwala owawa amafuna aliyense wodwala amwe omwewo.

Analinso ndi kope lake la ku koleji. M'menemo munali mzere umene mphunzitsi wina ananena mongodutsa masana ena otentha, woti mwana wa lilime lofooka asapatsidwe zilankhulo ziwiri, zimamusokoneza. Matilda anali ataudula mzerewo kunsi kawiri. Amene anaunenayo anali asanaonepo Sumani, mwinanso anali asanamvepo Chiyao chibadwire, koma zolembedwa m'kope zinkaoneka ngati zoona. Matilda sanafunse munthu, ngakhale kupita kwawo kwa mwanayo kukamva mmene amayankhulira ndi amayi ake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, kungoti sadanene kuti nthawi zina phulalo amadya ndi mwana wa eni.

Anaitanitsa makolo. Anabwera Lachiwiri lina mu Januwale, mvula itangokata. Bambo ake, Che Mustapha, anali munthu wa manja okhakhala ndi zingwe za ukonde wa chilimira. Mayi ake, Abiti Uladi, anali wa ku mapiri a kumalire, kumene munthu ankatha kubadwa, kukwatiwa n'kukalamba osasowa Chichewa tsiku ndi limodzi lomwe. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko cha ofesi ya ahedi, miyendo atatambasula.

Mwatsoka, tsiku limenelo mu ofesimo munali mlendo. Atcheyamani a nthambi ya chipani anali atabwera kudzakumbutsa aphunzitsi za makadi, ndipo anali atakhala pa mpando wa ahedi, pansi pa chithunzi chija chimene chinkakhala pa khoma la ofesi iliyonse. Nkhani ya Sumani sinkawakhudza, koma masiku amenewo panalibe nkhani yosakhudza tcheyamani, ndipo panalibe wowauza kuti atuluke.

"Mwana wanu ndi wanzeru," Matilda anayamba. "Koma lilime lake ndi lofooka, ndipo mukulisenzetsa mitolo iwiri. Mumutule umodzi. Kuyambira lero kunyumba muzimuyankhula Chichewa chokhachokha."

Che Mustapha anakanda kumutu pansi pa chisoti. "Sikomo aphunzitsi. Ine zimenezo zitheka, Chichewa ndinachitola pa doko. Koma amayi akewa sachimva olo pang'ono."

"Aphunzira. Inenso ndinachita kuphunzira."

Apa ndi pamene atcheyamani anatsokomola. "Mwamva, Che Mustapha? Aphunzitsi ndi boma. Ndiponso Chichewa ndicho chilankhulo cha dziko lino. Ndikamadutsa kwanu kuja ndizitchera khutu."

Ananena akuseka. Koma panali anthu amene anakwera landirova pa nkhani zochepa kuposa imeneyi, ena osabwerako. Matilda anaona nkhope ya Che Mustapha ikusintha. Akanatha kunena kuti ayi, awa ndi malangizo chabe a mphunzitsi, palibe lamulo apa. Mawuwo anafika pakamwa, iye n'kuwameza. Anaganiza kuti mantha pang'ono athandiza kuti makolowo asachite ulesi.

Che Mustapha anatembenukira kwa akazi awo n'kuwamasulira motsitsa mawu. Abiti Uladi anayang'ana chithunzi chija, anayang'ana atcheyamani, kenako Matilda. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Akuti, mpaka liti?" anatero Che Mustapha.

"Mpaka atachira," Matilda anayankha.

Tisamunamizire Matilda, ntchito anaigwira. Ana ena akaweruka ankatsala ndi Sumani pansi pa mango. Anapeza njira yakeyake: mwanayo azigogoda ndi chala pa sileti, kugogoda kumodzi phatikizo limodzi. Ma, gogo. Dzi, gogo. Chala chikamatsogola, lilime linkatsatira. Tsiku lina mu Juni, kukuzizira ndi mwera, Sumani anagogoda kasanu ndi kamodzi n'kunena bwinobwino kuti, "Ndikufuna madzi." Matilda anagwetsa misozi, madzulo ake n'kulembera kalata mkulu wake ku Rumphi kuti uphunzitsi wake waoneka phindu. Chaka chitatha ahedi analola kuti mwanayo abwereze Sitandade 1 m'malo momuchotsa.

Pa chisangalalo chimenecho Matilda sanaone kuti zigoba za nkhono zinali zitasiya kubwera. Dzanja lija silinkakweranso. Chiyao chinathadi pakamwa pa Sumani, koma m'malo mwake simunalowe kanthu. Ankabwereza zimene wauzidwa kuti abwereze, basi. Pofika Okutobala wa chaka chachiwiri anasiya ngakhale kubwerezako. Matilda akati madzi, mwanayo ankagogoda kawiri pa sileti, pakamwa pali tsekee, maso ali pa mphunzitsi ngati akufunsa kuti wakhoza kapena ayi.

Matilda anadziuza kuti ndi manyazi chabe. Anzake amamuseka, ndiye kusukulu wadzitsekera, koma kunyumba, kumene kulibe omuseka, Chichewa chake chikukhwima pang'onopang'ono. Ahedi anali okhutira, chifukwa mwana wosayankhula sachititsa manyazi pamaso pa oyendera sukulu. Kwa Che Mustapha unali ulendo wosakwana ola limodzi wapansi. Matilda ankati apita Loweruka, Loweruka likafika pamakhala zochapa, kapena kwaya, kapena ana asukulu ofunika kuwaphunzitsa nyimbo za pa msonkhano wa chipani.

Kumayambiriro kwa 1989 kunabwera kalata. Aphunzitsi onse ochokera kumpoto abwerere kwawo, azikaphunzitsa komweko. Ahedi anaiwerenga maso ali pa pepala, osamuyang'ana Matilda. Chichewa chosalala chija, chimene anachilipira ndi zala zotupa, sichinamuthandize, pakuti m'failo munalembedwa kuti Rumphi ndipo failo simva katchulidwe ka munthu. Anthu amene dzulo ankadya naye pamodzi anayamba kumupatsa moni wapatali. Lole yonyamula katundu inali yoti ifike Lachisanu.

Lachinayi masana, katundu atamanga, Matilda anaganiza zokatsazika kwa makolo a Sumani ndi kuwalimbikitsa kuti asafooke. Anapempha mayi Enelesi, amene ankagulitsa zitumbuwa pa sukulu ndipo ankayankhula zilankhulo zonse ziwiri, kuti amuperekeze. Aka kanali koyamba kuti apondeko, patatha chaka ndi miyezi iwiri chiperekere malangizo aja.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, pa thandala loyanikapo nsomba. Dzuwa linali litatuluka pambuyo pa masiku atatu a mvula, ndipo aliyense pa doko ankathamangira kuyanika. Pa mathandala ena panali phokoso, amayi akukalipira ana, ana akuyankha. Pa thandala la Abiti Uladi panali zii. Mayi mbali iyi, mwana mbali inayo, manja okha akumwaza usipa.

"Tenga," anatero Abiti Uladi, akuloza dengu. Sumani anatenga.

Atawaona alendo anawayalira mkeka pamthunzi. Che Mustapha kunalibe. Enelesi anafotokoza kuti anapita ku Chembe ndi eni chilimira, amabwera patapita miyezi iwiri kapena itatu, kugona masiku awiri n'kubwerera. Ndiye kuti munthu yekhayo wodziwa Chichewa pa nyumbapo sankakhalapo.

Matilda ananena zimene anabwerera, kuti akuchoka mawa. Enelesi anamasulira. Abiti Uladi anagwedeza mutu, kenako anayamba kuyankhula, ndipo anayankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu, atafulatira kumene kunali mwana wawo kuti asamve.

"Akuti lamulo lanu asunga," anatero Enelesi. "Sanaphonye. Amuna awo asanachoke anawaphunzitsa mawu asanu: bwera, tenga, idya, samba, gona. Ena ankawavuta, akati ayese mwana ankangowayang'ana osamva. Ndiye amuyankhula ndi asanu omwewo kuyambira tsiku lija."

Matilda anacheukira kwa Sumani. "Asanu okha? Chaka chonsechi?"

Enelesi sanamasulire funsolo, chifukwa Abiti Uladi anali akupitiriza.

"Akuti kale mwanayu ankawasowetsa mtendere ndi nkhani. Ankakakamira, inde, koma iwo nthawi anali nayo, ankamudikira. Akuti akamayanika usipa chonchi ankaimba awiri, ndipo poimba sankakakamira olo pamodzi. Mutaletsa, zinawawawa. Ndiye anapeza nzeru. Mwana akakhala pafupi, iwo ankayankhula ndi nkhuku. Ankaziuza nkhukuzo m'Chiyao kuti lero kunyanja kuli mphepo, kuti ambuye ake akudwala kumapiri, kuti amamukonda mwana wawo, zonse zimene ankafuna kuti iye amve. Koma akazi a atcheyamani anadutsa tsiku lina n'kufunsa kuti kodi nkhuku za pano zinayamba liti kumva nkhani za matenda. Kuyambira pamenepo analeka. Bambo ake atabwera anamukhazika mwanayu pansi n'kumuuza kuti akamva Chiyao pakhomo pano atseke makutu, apo ayi amayi ake atengedwa."

Sumani anali akumwazabe usipa, nsana uli kwa iwo. Anali atatalika, mapewa ataonda.

Abiti Uladi anasendera pafupi, nkhope yawo ikuwala ndi chiyembekezo, n'kufunsa kanthu. Enelesi anazengereza.

"Akuti kuno anasiya kuyankhula kalekale, koma iwo sadandaula, akudziwa kuti mawu ake onse amakathera kusukulu. Ndiye poti mukuchoka, akupempha muwauzeko nkhani imodzi yokha imene mwana wawo anakuuzani. Iliyonse, ngakhale yachibwana. Akuti aisunge."

Matilda akanatha kunama. Akanapeka nkhani ya nkhono, mayiyo akanaisunga moyo wake wonse, ndipo lole ya mawa ikanamuchotsa bodzalo lisanaululike. Koma manyazi sanamulole kunama. Chaka chonse iye ankati mwana akuyankhula kunyumba, mayi ankati akuyankhula kusukulu, ndipo pakati pa awiriwo mwanayo ankayenda ulendo wa pafupifupi ola limodzi tsiku ndi tsiku alibe womuuza kanthu.

"Auzeni kuti kusukulu sanayankhulepo kuyambira Okutobala," anatero. "Auzeni kuti ndinalakwa. Zimene ndinanena zija si zoona, ndinangozitola m'kope. Azimuyankhula Chiyao, lero lomwe, aziimba naye. Ndikupepesa, mayi. Ndalakwira inu, ndalakwira mwana."

Enelesi anamasulira. Kuwala kuja kunachoka pa nkhope ya Abiti Uladi pang'onopang'ono. Sanalire kapena kukalipa. Anatola kausipa kamene kanagwera pa mkeka, nakapukuta mchenga, kenako anayankha mwachidule.

"Ndinene momwe anenera?" anafunsa Enelesi.

"Nenani."

"Akuti potseka munatsekera mu ofesi, pansi pa chithunzi, atcheyamani ali pomwepo, ndipo tsiku limenelo munali boma. Lero mukutsegulira kuseri kwa nyumba, mboni ndi wogulitsa zitumbuwa, inuyo boma litakuthamangitsani. Akufunsa kuti mawa inu mukakwera lole, iwo atsala ndi mawu ati, a tsiku lija kapena a lero?"

"Ndipita kwa atcheyamani. Ndikawauza kuti silinali lamulo."

Enelesi anamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mwana wonena kuti awoloka nyanja posambira. "Aphunzitsi, inu wa ku Rumphi, sabata ino, mukaime pakhomo pa atcheyamani kunena kuti Chiyao chibwerere? Mukufuna mukafike kwanu kapena kwina?"

Matilda ankadziwa kuti sapita, ndipo amayi awiriwo ankadziwanso. Anadzida pamenepo kuposa mmene anadera kalata ija.

Kenako Abiti Uladi anadzuka. Anayang'ana ku njira, anayang'ana ku mathandala a anzawo, naona kuti aliyense ali pa zake. Anapita pamene panali mwana wawo n'kugwada kuti nkhope zawo zifanane. Anamugwira mapewa, namutchula dzina, n'kuyamba kumuyankhula Chiyao. Mawu anayamba kutuluka mothamangitsana, a chaka chathunthu. Matilda sankamva, koma anazindikira pamene kuyankhula kunasanduka nyimbo, ija yoyanikira usipa.

Sumani anatong'ola maso. Anacheukira ku njira, anacheukira kwa aphunzitsi ake. Kenako anakweza dzanja, mamba a usipa ali waliwali m'zala, n'kutseka pakamwa pa amayi ake mwamphamvu. Dzanja linalo linafufuza mtengo wa thandala. Chala chinagogoda kasanu, monga anaphunzitsidwira pansi pa mango, ndipo lilime linatsatira.

"Akumangani."

Linatuluka losalala, lopanda chibwibwi, lopanda Chiyao ngakhale kachidutswa. Ndi zimene Matilda anazigwirira ntchito masana onse aja, ndipo khutu lake la uphunzitsi, lopanda manyazi, linamva kuti mwana wakhoza.

Abiti Uladi anachotsa dzanja la mwanayo pakamwa pawo n'kuligwira ndi manja awiri. Misozi inali ikutsika, koma ankaseka. Mwana wawo wayankhula. Anatembenukira kwa Enelesi n'kufunsa mofulumira, kawiri, ndipo funso limenelo silinkasowa womasulira: wati chiyani?

Enelesi anaimirira n'kukutumula chitenje chake.

"Amenewo sindimasulira ine," anatero. "Munamuphunzitsa ndinu, aphunzitsi. Auzeni nokha."